Usiku umene Wells ndi Orwell anakangana patebulo

Mu Ogasiti 1941, mabomba a Hitler atangophwasula kumene madera ambiri a London, George Orwell ndi mkazi wake Eileen anaitana mkulu wina kuti adzadye nawo chakudya chamadzulo. Mlendoyo anali H. G. Wells, wa zaka 74, mlembi amene dzina lake linkadziwika pafupifupi kulikonse kumene anthu amawerenga mabuku. Orwell anali ndi zaka 38 ndipo anali asanalembe Animal Farm kapena Nineteen Eighty-Four. Vuto linali lakuti mwezi womwewo magazini ya Horizon inali itatulutsa nkhani ya Orwell yonena kuti mkuluyu sakulimvetsanso dziko limene akukhalamo. Wells anali ataiwerenga. Atatha kudya, aliyense anatulutsa magazini yake n'kuiika patebulo, mkangano n'kubuka.

Za usikuwo tinazidziwa chifukwa cha Inez Holden, mlembi wina amene analipo ndipo anazilemba m'dayale yake. Nkhani sinathere pomwepo. Mu Malichi 1942, Orwell atabwereza mfundo zomwezo pa wayilesi ya BBC, Wells anamulembera kalata yaukali yokhala ndi mawu otukwana amene sindiwalemba pano. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti ankaona ngati Orwell akumuweruza asanawerenge mabuku ake oyambirira.

Mkanganowu ndakhala ndikuuganizira chifukwa nafenso timakangana womwewo, osadziwa kumene unachokera. Pa gulu la WhatsApp wina amati AI itichotsa mu umphawi, wina amati ayi, itilanda ntchito n'kumatiyang'anira ngati nkhuku m'khola. Mafilimu nawonso ali pawiri. Kuli Star Trek kumene njala ndi umphawi zinatha kalekale padziko lapansi, ndiye kuli Black Mirror ndi The Hunger Games kumene kunja sikucha. Zimaoneka ngati alembi a nthano za sayansi ali mafuko awiri, ena olota dziko la mwana alirenji, ena olosera tsoka. Koma mukaitsata mbiri yake, mupeza kuti mabuku otchuka a tsogolo la mdima analembedwa poyankha munthu mmodzi, nkhalamba ija inkakalipa patebulo la Orwell, ndipo nkhalambayo inali italemba kale za mdimawo enawo asanayambe.

Wells anabadwa mu 1866 ku Bromley, kufupi ndi London, m'banja lovutika. Bambo ake anali ndi kasitolo kosayenda malonda, mpaka mayi ake anapita kukagwira ntchito yoyang'anira antchito m'nyumba yaikulu ya anthu olemera yotchedwa Uppark. Nyumbayi ilipobe, ndipo ili ndi njira zapansi panthaka zimene antchito ankadutsamo atanyamula chakudya cha mabwana. Chithunzi chimenecho muchisunge, tichifuna posachedwapa. Ali ndi zaka 14 anamutumiza kukaphunzira ntchito m'sitolo yogulitsa nsalu, kumene ankagwira maola 13 patsiku. Chinamupulumutsa ndi sukulu. Mu 1884 anapata mwayi wokaphunzira sayansi ku London, ndipo mphunzitsi wake wina anali Thomas Henry Huxley, mkulu amene ankaikira kumbuyo chiphunzitso cha Darwin chonena kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri. Huxley ankachenjeza kuti kusintha kumeneku sikulonjeza kuti zinthu zizipita patsogolo. Zamoyo zimatha kubwereranso m'mbuyo.

Buku loyamba kumutchukitsa, The Time Machine la 1895, linatuluka m'phunziro limenelo. Munthu wina akupanga makina oyenda m'nthawi n'kukafika m'chaka cha 802,701. Kumeneko akupeza tianthu tokongola totchedwa Eloi, tongosewera m'maluwa ndi kudya zipatso, osagwira ntchito. Poyamba akuganiza kuti anthu anathetsa mavuto onse. Kenako akuzindikira kuti pansi panthaka pali ena, a Morlock, amene amayendetsa makina mumdima, ndipo usiku amatuluka kudzagwira a Eloi n'kukawachita ndiwo. A Eloi ndi zidzukulu za mabwana, a Morlock ndi zidzukulu za antchito, atasiyana mpaka kukhala mitundu iwiri ya zamoyo. Njira zija za ku Uppark mwana wa wantchito sanaziiwale.

Mu 1898 kunabwera The War of the Worlds. Zolengedwa za ku Mars zikutera ku England ndi makina amene mfuti za Angerezi sizikuwagwira, ndipo anthu a mumzinda waukulu kwambiri padziko pa nthawiyo akuthawa balalabalala ngati mbewa moto ukalowa m'tchire. M'mutu woyamba weniweni Wells akukumbutsa owerenga ake kuti asanaweruze alendowo akumbukire zimene azungu anachita kwa eni nthaka a ku Tasmania. Inetu bukuli ndimaliwerenga ndikuyang'ana kalendala. Nkhaniyi inayamba kutuluka m'magazini mu 1897, patangopita chaka chimodzi asilikali a atsamunda ataphera Inkosi Gomani kuno kwathu mu 1896. Zimene owerenga a ku London ankaopa ngati nthano, alendo obwera ndi zida zosafanana ndi zako, makolo athu ankaziona ndi maso m'zaka zomwezo. Wells anangotembenuza galasi kuti anthu akwawo adzionepo.

Ndiye munthu ameneyu ndi amene Orwell ankamunena kuti ndi wongolota zabwino. Chinachitika n'chiyani pakatipa?

Wells anatopa ndi kungochenjeza, anafuna kupereka mankhwala. Kulota dziko labwino sanayambe ndi iye. Thomas More analemba Utopia mu 1516, ndipo mu 1888 Edward Bellamy wa ku America anagulitsa kwambiri Looking Backward, nkhani ya munthu wogona tulo n'kudzuka m'chaka cha 2000 umphawi utatha. Koma Wells anabwera ndi mphamvu ya munthu wodziwa sayansi. Mu 1901 anatulutsa Anticipations, buku lolosera zaka 100 zikubwerazo. Zambiri anazilasa: magalimoto, misewu ikuluikulu, mizinda yotambalala anthu akugona kutali ndi kumene amagwira ntchito. Ananenanso kuti tsogolo lidzakhala m'manja mwa gulu la mainjiniya, madokotala ndi asayansi amene adzayendetse dziko mwadongosolo, kusiya andale aphokoso.

M'mutu womaliza wa buku limenelo muli tsamba limene wowerenga wakuda sangalidutse chamwamba. Wells akufunsa kuti nanga makamu a anthu akuda, ofiirira ndi achikasu amene sangakwanire m'dongosolo latsopanoli adzatani, ndipo yankho lake n'lakuti ayenera kuzimiririka. Munthu yemwe uja anadandaula za ku Tasmania, patangopita zaka zitatu zokha. Tsambali ndinaliwerenga kawiri, mwina ndinaphonya penapake, koma ayi, ndi momwemo. Chilungamo chake n'chakuti anabwerera m'mbuyo msanga. Mu A Modern Utopia la 1905 anatsutsa tsankho la mitundu, ndipo atapita ku America mu 1906 anacheza ndi Booker T. Washington n'kulemba modzudzula mmene anthu akuda ankazunzikira kumeneko. Komabe tsamba lija linandiphunzitsa kawerengedwe kena. Munthu akakuonetsani chithunzi cha mzinda wowala wa m'tsogolo, werengani kaye amene ali m'chithunzimo, kenako mufunse kuti enawo anapita kuti. Ngakhale m'dziko labwino la Thomas More munali akapolo.

Chimene Wells sanasiye mpaka ukalamba ndi maloto a boma limodzi la dziko lonse lapansi, loyendetsedwa ndi anthu ophunzira ndi odziletsa. Maloto amenewa ndi amene anabala adani ake.

Woyamba anali E. M. Forster, amene mu 1909 analemba nkhani yaifupi, The Machine Stops, ndipo pambuyo pake anavomera yekha kuti ankayankha maloto a Wells. Ngati pa mabuku onse ndatchula pano mungawerenge chimodzi chokha pafoni yanu usiku uno, werengani nkhani imeneyi. Anthu akukhala pansi panthaka, aliyense m'kachipinda kakekake. Chakudya, nyimbo, madzi osamba, bedi, zonse n'kungodina batani. Mayi wina dzina lake Vashti amadziwana ndi anthu masauzande ambiri koma sakumana nawo, amangolankhulana kudzera pa kachipangizo koonetsa nkhope. Mwana wake Kuno, amene amakhala kumbali ina ya dziko, akumuimbira kumupempha kuti abwere adzaonane maso ndi maso. Mayiyo akuona ngati n'kutaya nthawi, poti akumuona kale pa sikirini. Izitu zinalembedwa wayilesi zisanayambe kuulutsa mawu m'makomo. Koma gawo limene limandigwira ine ndi lakumapeto, Makinawo atayamba kuwonongeka. Nyimbo zikumveka mokhadzula, madzi osamba akununkha, anthu akukadandaula ku komiti yokonza zinthu, komiti ikuwauza kuti dandaulo lawo lalandiridwa, ndipo pang'ono ndi pang'ono akuzolowera. Palibe wotsala amene amadziwa mmene Makinawo amagwirira ntchito. Aliyense amene anaimbirapo foni kudandaula za netiweki aseka kaye, kenako asiya kuseka. Nditawerenga Azotus the Kingdom ya mlembi wathu Shadreck Chikoti, yochitika zaka 500 kutsogolo pakati pa anthu amene satuluka m'nyumba zawo, ndinamva fungo la mantha omwewo.

Wachiwiri anachokera ku Russia. Yevgeny Zamyatin anali injiniya wa sitima zapamadzi, ndipo mu 1916 anamutumiza ku Newcastle ku England kukayang'anira ntchito yopanga sitima zoswa madzi oundana. Wells ankamudziwa bwino, poti anakonza nawo mabuku ake omasuliridwa m'Chirasha n'kulembanso nkhani yaitali yonena za iye. Chipani cha Lenin chitatenga boma, Zamyatin analemba We, dziko la boma limodzi kumene anthu alibe mayina koma manambala, nyumba ndi zagalasi kuti aliyense azioneka, ndipo ola lililonse la moyo linalembedwa kale pa ndandanda. Kwawo analikana. Linayamba kutuluka m'Chingerezi ku New York mu 1924, ndipo ku Soviet Union linadikira mpaka 1988. Mwini wake anamwalira ku Paris mu 1937 ali wosauka.

Wachitatu ndi Aldous Huxley, mdzukulu wa mphunzitsi uja wa Wells. Brave New World ya 1932 inayamba ngati nthabwala yonyoza Men Like Gods, buku la Wells la 1923, kenako inakula n'kukhala chinthu china: ana opangidwira m'mabotolo, aliyense woikidwa m'gulu lake asanabadwe, ndi mankhwala otchedwa soma ochotsa nkhawa iliyonse. M'dziko limeneli chikwapu sichifunika, anthu amaukonda ukapolo wawo. Ndipo dziko la alembi n'laling'ono, anzanga. Huxley yemweyu anaphunzitsapo Chifalansa ku sukulu ya Eton, ndipo mmodzi mwa ana a m'kalasi mwake anali Eric Blair, amene dziko linadzamudziwa kuti George Orwell.

Muone kuti atatuwa sanafunike kupeka dziko latsopano. Anatenga nyumba imene Wells anamanga, boma limodzi, akatswiri, dongosolo, ukhondo, n'kuikamo munthu mmodzi amene sakugona tulo. Buku la mwana alirenji nthawi zambiri limayenda ndi mlendo amene akumuonetsa malo, monga amachitira ndi nduna ikabwera kudzatsegula chitukuko. Buku la mdima limayenda ndi munthu wokhala momwemo.

Pakatipa Wells ankapitiriza kulosera, ndipo nthawi zina kulosera kwake kunkaopsa. Mu The World Set Free la 1914 analemba za mabomba a atomiki oponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo m'nkhanimo chionongeko chake ndi chimene chikukakamiza mayiko kugwirizana. Wasayansi wa ku Hungary, Leo Szilard, anawerenga bukuli mu 1932. Chaka chotsatira, akuwoloka msewu pa maloboti ku London, anatulukira ganizo la mmene kusweka kwa atomu imodzi kungayambitsire kusweka kwa ena motsatizana, limene ndi maziko a bomba lenilenilo. Filimu ya Things to Come ya 1936, imene Wells analemba, ikuyamba ndi ndege zikuphulitsa mzinda wofanana ndi London mu 1940. Chaka anachilasa. Koma mufilimumo amene akupulumutsa dziko ndi gulu la oyendetsa ndege ndi mainjiniya, amene akutera n'kugonetsa anthu osamvera ndi mpweya, kenako n'kumanga mizinda yoyera mbee. Kwa Wells, ngakhale nkhondo inali khomo lolowera ku dziko la akatswiri.

Pamenepa ndi pamene Orwell anamenya mu 1941, m'nkhani yake yotchedwa Wells, Hitler and the World State. Anayamba ndi ulemu woona. Ali mwana ku sukulu yogonera konko, iye ndi mnzake Cyril Connolly, amene anadzakhala mkonzi wa Horizon yomweyo, ankaberana buku la nthano za Wells kuti awerenge m'mamawa. Anavomera kuti anthu oganiza a m'badwo wake anaumbidwa ndi Wells. Kenako anatulutsa mpeni. Wells ankaona dziko ngati nkhondo pakati pa wasayansi ndi munthu wa zikhulupiriro zachikale, ndipo ankamutenga Hitler ngati wamisala wongobwebweta amene agwa posachedwa. Orwell anati tayang'anani ku Germany. Dongosolo, misewu, ndege, maphunziro, sayansi, zonse zimene Wells ankalakalaka ziliko, koma zikutumikira maganizo ankhanza a makedzana. Anati anthu sapita kukafa chifukwa cha mfundo zanzeru, amapita chifukwa cha mbendera, mtundu, chikhulupiriro ndi chidani, ndipo munthu wanzeru zabwinobwino ngati Wells sangazimvetse zimenezi. Orwell ankalankhula zimene anaona. Anagwirapo ntchito yaupolisi wa atsamunda ku Burma kwa zaka zisanu, ndipo mu 1937 anawomberedwa pakhosi pa nkhondo ya ku Spain, kenako n'kuthawa m'dzikomo akusakidwa ndi anthu a mbali yake yomwe.

Pa nkhani ya Hitler, Orwell ananena zoona, palibe kukangana. Kwa zaka zingapo inenso ndinali kumbali yake kotheratu, poti ukakhala ndi zaka 22 wangomaliza digiri ntchito kulibe, mlembi wolosera tsoka amamveka ngati yekhayo wosanama. Koma pali chinthu chimene Wells ankachita m'miyezi yomweyo chimene nkhani ya Orwell inachipeputsa ngati maloto achabe.

Nkhondo itangoyamba, mu Okutobala 1939, Wells analembera kalata nyuzipepala ya The Times kufunsa kuti kodi anthu akumenyera chiyani, ndipo anapereka mndandanda wa maufulu amene munthu aliyense padziko ayenera kukhala nawo: chakudya, chithandizo cha mankhwala, maphunziro, ntchito, kulankhula momasuka, kusamangidwa popanda mlandu, kusazunzidwa. Mu 1940 anatulutsa kabuku kotchipa, The Rights of Man, ndipo komiti yotsogozedwa ndi Lord Sankey inakonzanso mndandandawo. Wells anaonetsetsa kuti wamasuliridwa m'zinenero zambiri, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chizulu, n'kuutumiza kwa atsogoleri a mayiko osiyanasiyana. Olemba mbiri amauwerengera pakati pa zinthu zimene zinalambula njira ya chikalata cha maufulu a anthu chimene United Nations inavomereza pa 10 Disembala 1948. Munthu amene mu 1901 analemba kuti anthu ngati ine adzazimiririka, zaka 40 pambuyo pake ankafunafuna womasulira kuti uthenga wa maufulu ufike kwa olankhula Chizulu. Sindikumukhululukira tsamba lija, komanso sindingayerekeze kuti zachiwirizi sizinachitike. Ndipo mkuluyu sanali wamantha. Chipani cha Nazi chinatentha mabuku ake mu 1933, dzina lake linali pa mndandanda wa anthu oti adzamangidwe Germany ikadzalanda Britain, ndipo mabomba akugwa iye anakana kuchoka m'nyumba yake ku London.

Nineteen Eighty-Four imakupatsa mawu otchulira chinthu chimene ukuchiopa, n'chifukwa chake anthu amaithamangira zinthu zikasokonekera, monga mu 2013 Edward Snowden ataulula za ukazitape wa boma la America pa intaneti, ndi mu Januwale 2017 pamene inakwera pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri pa Amazon. Koma mukaitseka simupezamo chokachita mawa m'mawa. Loya amene akukatulutsa munthu wosungidwa m'chitokosi popanda mlandu amanyamula mapepala ochokera ku mzere wa Wells, mndandanda wotopetsa uja wa zimene ziyenera kukhalapo. Apa ndi pamene ndinasiyana ndi Orwell pang'ono.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Wells mwini wake sanafe ndi chiyembekezo chimene ankamunenera. Buku lake lomaliza, Mind at the End of Its Tether, la 1945, ndi lalifupi komanso lakuda bii. Likunena kuti mtundu wa anthu wafika kumapeto ndipo mwina chamoyo china chidzalowa m'malo mwake. Anakhala ndi moyo mpaka kumva za Hiroshima, bomba limene analilota zaka 31 m'mbuyomo. Anamwalira pa 13 Ogasiti 1946 ali ndi zaka 79.

Kumayambiriro kwa chaka chomwecho Orwell anali atalemba za We ya Zamyatin m'nyuzipepala ya Tribune, ataipeza m'Chifalansa poti ya Chingerezi inkasowa. Pamene Wells ankamwalira, iye anali pa chilumba cha Jura ku Scotland, m'nyumba ya pafamu yopanda magetsi, atangoyamba kulemba buku latsopano. Linatuluka mu Juni 1949. Mu Okutobala analandira kalata yochokera kwa Aldous Huxley, mphunzitsi wake wakale wa Chifalansa, yomuyamikira komanso kumuuza kuti olamulira a m'tsogolo adzapeza kuti kusangalatsa anthu n'kosavuta kuposa kuwamenya, ndiye tsogolo lidzafanana ndi buku lake iyeyo osati la Orwell. Kalatayo inam'peza Orwell ali m'chipatala ku London ndi chifuwa chachikulu, ndipo anamwalira momwemo pa 21 Januwale 1950 ali ndi zaka 46.